Funsani Mmisiri: Akubwera ndi makina omvera madzi pansi, ndikonze chiyani?

Makalata ambiri a mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi: bilu ya madzi yakwera, mipopi ndi yotseka, pabwalo ndi pouma. Ndasankhapo asanu. Yoyambayo ndaiyankha motalika chifukwa zambiri zimene enanu mwafunsa zili momwemo.

FUNSO: Amisiri, ndimakhala ku Area 25 m'nyumba yathuyathu, tilimo anthu asanu ndi mmodzi. Kwa zaka zambiri sitinkapitirira mayunitsi 20 a madzi pa mwezi, koma miyezi iwiri yapitayi bilu ikuonetsa mayunitsi 60. Palibe mpopi wodontha, palibenso malo onyowa. Pulambala wathu anabwera, anazungulira nyumba, n'kunena kuti tiyambe kuswa simenti ya pakhonde. Bambo a kunyumba anakana. Tsopano tapangana ndi anthu ena amene ali ndi makina omvera madzi pansi, abwera Loweruka la sabata ya mawa. Ndikonze chiyani kuti ndalama zathu zisalowe m'madzi? Ndine mayi wa ku Area 25.

YANKHO: Mayi, bambo a kunyumbawo muwathokoze. Kuswa khonde usanadziwe pamene paipi yabooka ndi kulotera chabe. Ndaonapo khonde litagumulidwa kuchokera pakhomo mpaka pa geti, pamene madzi ankathawira kuseri kwa bafa.

Tiyambe ndi masamu kuti mudziwe kukula kwa chimene mukusaka. Yuniti imodzi pa bilu ndi malita 1,000. Mayunitsi 40 amene awonjezekerawo ndi malita 40,000, ndowa 2,000 za malita 20. Mukawagawa pa masiku 30 mupeza kuti mphindi iliyonse, usana ndi usiku, mukutaya pafupifupi lita imodzi. Amenewo si madontho a pampopi. Mpopi wodontha kamodzi pa sekondi umataya malita pafupifupi 30 pa tsiku, ndiye pa mwezi sukwanitsa n'komwe yuniti imodzi. Zanuzi ndi paipi yobooka, kapena chimbudzi chimene chikungoyenda madzi mwakachetechete.

Ntchito yoyamba ndi yanu, ndipo siifuna makina. Madzulo ano onse akasamba, mbale zikatsukidwa, tsekani mipopi yonse. Anawo muwauze kuti wopita kuchimbudzi usiku asagejemule, athire madzi a m'ndowa. Tengani tochi mupite pa mita, mupukute galasi lake. Manambala akuda ndiwo mayunitsi, ofiirawo amawerenga malita. Pa mita zambiri pamakhalanso kagudumu kakang'ono kamanomano kamene kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono zedi. Kayang'anitsitseni mphindi ziwiri zathunthu, osachotsapo maso. Ngati kakuyenda nyumba yonse ili zii, madzi akuthawadi. Jambulani mitayo pa foni, mudzaijambulenso m'mawa munthu aliyense asanagwire mpopi. Zithunzi ziwirizo mudzawaonetse amisiriwo akangolowa pa geti, chifukwa zikuwauza kuchuluka kwa madzi amene akutayika pa ola. Muli pomwepo, yerekezani nambala ya pa mita ndi imene yalembedwa pa bilu yomaliza. Geti likakhala lokhoma tsiku lowerenga mita, bilu imatha kukhala yongoyerekeza, ndipo nkhani ngati imeneyo imathera ku ofesi, osati ndi piki.

Mawa lake pezani chotsekera madzi chimene chili pamene paipi ikulowa m'nyumba. Chitsekeni, mubwerere pa mita. Kagudumu kakaima, vuto lili m'nyumba. Kakapitiriza kuyenda, vuto lili panja, pakati pa mita ndi nyumba, kapena pa nthambi yopita ku mpopi wa kuseri. Ndi kuyenda kawiri kokhako mwadula kale ntchito ya Loweruka ndi theka. Chotsekeracho chikakhala chouma ndi dzimbiri musachikakamize ndi sipanala, chimathyoka mutu. Itanani pulambala wanu uja achisinthe Loweruka lisanafike, chifukwa amisiri akubwerawo adzafuna kutseka ndi kutsegula kangapo. Koma mita yeniyeniyo, kawaya kake ka chidindo, ndi chilichonse chimene chili kumbali ya msewu ndi za Lilongwe Water Board. Inu, pulambala, ngakhale amisiri a makinawo, asakhudzepo.

Ngati mwapeza kuti vuto lili m'nyumba, yambani mwakayikira chimbudzi. Vundukulani kathanki kake, muthiremo buluu wochapira zovala kapena utoto wa keke, mudikire theka la ola osagejemula. Mtunduwo ukatsikira m'mbale ya chimbudzi, labala ya pansi pa kathanki yatha, ndipo madzi anu akhala akupita m'dzenje la zonyansa miyezi iwiri yonseyi. Pamenepo aimbireni anthu a makinawo muwathokoze, asavutike kubwera. Pitaninso kuseri muone kapaipi kotulutsa madzi osefukira a giza, ngati muli nayo.

Tsopano tinene kuti zonsezi mwachita, ndipo madzi akuthawira pansi ndithu. Apa mumve bwino: makina amenewa saona pansi. Amangomva. Madzi akamatuluka mwamphamvu pa kabowo amachita kaphokoso, kaphokosoko kamayenda m'paipi ndi m'dothi, ndiye mmisiri amavala zomvera m'makutu n'kumaika chipangizo chake pansi phazi ndi phazi, monga amachitira adokotala pachifuwa cha wodwala. Akaika pamwamba pa paipi amamva. Akaika mamita awiri kumbali, sangamve kanthu ngakhale makinawo atagula ndalama zochuluka bwanji. Choncho chinthu chamtengo wapatali chimene mungawapatse anthuwa ndi njira imene paipi inadutsa. Popanda icho, m'mawa wonse udzatha akusaka paipi, asanayambe n'komwe kusaka bowo, ndipo nthawi imeneyo mudzalipira ndinu.

Ndiye sabata ino khalani pansi ndi bambo, mutenge pepala la m'kope la mwana, mujambule: apa mita, apa geti, apa khitchini, apa bafa, apa mpopi wa panja. Kumbukirani zimene zinasintha chimangireni nyumbayo. Khonde lija munalikuza chaka chanji? Garaja inamangidwa pamwamba pa paipi kapena paipi inasunthidwa? Panali mpopi wina nthawi yomanga, wothirira njerwa, umene unadzadulidwa n'kukwiriridwa? Mipopi yotereyi ndiyo imandipatsa ntchito kwambiri. Omanga amangopinda paipi, kuimanga ndi lekeni, n'kufotsera, ndipo patapita zaka lekeniyo imafumbwa. Ngati amene anayala mapaipi adakali moyo, mumufunefune, mumutumizire ya thiransipoti adzakhalepo Loweruka. Fufuzaninso m'mafoni zithunzi za nthawi yomanga. Chithunzi chimene munajambula mwana ataima pa mulu wa mchenga chikhoza kuonetsa ngalande ya paipi kumbuyo kwake.

Mudziwenso mtundu wa paipi. Fukulani pang'ono ndi dzanja pamene ikutuluka pa mita muone ngati ndi yachitsulo kapena yapulasitiki yakuda ija yogulidwa chokulunga. Yachitsulo imanyamula phokoso mtunda wautali, ndipo pali chipangizo chimene chimatha kuilondola ili pansi. Yapulasitiki imameza phokoso, ndipo chipangizo cholondola chitsulo sichiiona. Muwauziretu pa foni kuti abwere okonzeka. Pa mapaipi apulasitiki amisiri ena amakhuthula madzi onse, n'kupoperamo mpweya wosakaniza, magawo 95 a nayitirojeni ndi magawo 5 a haidirojeni. Mpweya umenewu suyaka ndipo si wapoizoni. Popeza haidirojeni ndi wopepuka kwambiri, amatulukira pa bowolo n'kukwera kudutsa dothi, ngakhale m'ming'alu ya konkire, ndiye kachipangizo kena kamamununkhiza pamwamba. Afunseni ngati ali ndi zimenezi, musadzadabwe atafika ndi ndodo yomvera yokha.

Tsiku lenilenilo pakufunika zinthu ziwiri: madzi m'paipi ndi bata pabwalo. Paipi youma ilibe phokoso. Inu mukudziwa bwino nthawi imene madzi amabwera ndi mphamvu kwanuko, ndipo kawirikawiri ndi usiku kapena m'bandakucha anthu asanayambe kutunga. Panganani nawo nthawi imeneyo, ndipo mugwirizaniretu kuti madzi akadzasiya tsikulo adzabweranso tsiku lina popanda kulipira kawiri. Za Loweruka ndili nazo mawu. Loweruka ku Area 25 pofika 9 koloko aliyense akuchapa, wailesi zili pakhonde, ana ali pabwalo, kwinaku akuyesa zokuzira mawu za ukwati. Ngati sizingatheke kusintha tsiku, abwere kusanache bwino. Wailesi izimitsidwe, pampu ndi jenereta zizimitsidwe, galu amangiridwe kutali, ndipo oyandikana nawo nyumba muwapemphe ola limodzi lokha la bata. Nanunso musamayende pambuyo pa mmisiri ndi masilipasi mukumufunsa ngati wamva kanthu. M'makutu mwake phazi lanu limamveka kuposa madziwo.

Kwa masiku awiri asanabwere musathirire maluwa, musakolope khonde ndi madzi ambiri, musataye madzi ochapira pabwalo. Malo onyowa amene adzaoneke adzakhale onena zoona. Nyengo yotentha ino ndi yabwino pa ntchito imeneyi, chifukwa kapinga wobiriwira pakati pa wouma, ndere m'munsi mwa mpanda, kapena chiswe chimene chamanga mwadzidzidzi pamalo amodzi, zonsezo ndi zizindikiro. Mukaziona ikanipo mwala, osakumba. Dothi lathu lofiirali limamwa madzi kwambiri, ndipo madzi amakonda kutsata ngalande yakale ya paipi n'kukatulukira patali ndi pamene pabooka.

Chotsani nkhuni, njerwa, matumba a makala ndi galimoto pa njira ya paipi. Tulutsani mapoto amene ali pansi pa sinki. Makiyi a zipinda zonse akhale pafupi, makwerero okwerera ku siling'i akhalepo. Tungiranitu madzi ophikira ndi a kuchimbudzi a tsiku lonse. Ndipo ichi musaiwale: aonetseni pamene panadutsa waya wa magetsi wopita ku babu la pa geti kapena ku nyumba ya kuseri, komanso paipi ya zonyansa. Piki sasankha.

Pa za ndalama, funsani mafunso anu lero pa foni, osati Loweruka zida zitatsitsidwa kale. Mtengo umene anena ndi wopeza bowo chabe, kapena ukuphatikiza kukumba, kulumikiza paipi ndi kubwezeretsa simenti? Akalephera kupeza mulipira zingati? Akaloza malo, mwakumba, paipi ili bwinobwino, zikhala bwanji? Mayankhowo akulembereni ngakhale pa WhatsApp. Musapereke ndalama zonse ntchito isanayambe. Paipi ikalumikizidwa, dzenje lisanakwiriridwe, tsekaninso mipopi mupite nawo limodzi pa mita. Kagudumu kaja kaime njii. Kakamayendabe pang'onopang'ono ndiye kuti pali bowo lachiwiri, ndipo ndi bwino lidziwike anthuwo asanakweze zida m'galimoto.

FUNSO: Abambo, ndili ndi nyumba zisanu za lendi pa puloti imodzi ku Kawale, zonse zimamwa pa mita imodzi. Bilu yakwera ndipo alendi akulozana zala, wina akuti mnzake amagulitsa madzi usiku. Ndaitana ofufuza madzi. Alendiwo ndiwauze kapena ndingowadzidzimutsa? Ndine landilodi wotopa, Kawale.

YANKHO: Achimwene, auzeni, ndipo muwauze masiku atatu zisanachitike. Kuwadzidzimutsa kudzakupwetekani nokha. Mmisiri adzafuna kulowa m'bafa ndi m'chimbudzi cha nyumba iliyonse, ndiye akadzapeza nyumba ziwiri zili ndi loko eni ake ali ku ntchito ku Kanengo, ntchito yaima pomwepo. Khomo lililonse pakhale munthu wamkulu, ndipo inu mwini mukhalepo. Musatume mwana. Munthu salowetsa mlendo kuchipinda kwake chifukwa mwana wa landilodi wanena.

Pa puloti ngati yanu chovuta ndi kuletsa anthu onse kugwira mpopi nthawi imodzi. Mayi mmodzi akangotsegula kuti atsuke thewera, kagudumu ka pa mita kayenda, ndipo zonse zimene mmisiri amayeza zasokonekera. Gwirizanani ola lenileni, aliyense atungiretu, ndipo mpopi wa panja muumange nsalu kuti woiwala akumbukire.

Nkhani yogulitsa madzi usikuyo ndi yosavuta kuithetsa. Munthu wotunga amatsegula ndi kutseka, ndiye mita imayenda n'kuima. Paipi yobooka simapuma. Khalani pa mita mphindi khumi pakati pa usiku limodzi ndi alendi awiri amene akukangana kwambiriwo. Ngati kagudumu kakuyenda mofanana osaima, palibe wakuba pamenepo.

Ine ndikanakhala inu, ndisanalipire za makina ndikanayamba ndaika chotsekera pa nthambi yopita ku nyumba iliyonse. Ndi zotsekera zisanu mumatseka imodziimodzi mukuyang'ana mita, ndipo pamene kagudumu kaime mwadziwa nthambi yolakwa. Mmisiri wa makina akabwera adzangomvera mamita ochepa m'malo mozungulira puloti yonse. Zotsekerazo zidzakuthandizaninso mtsogolo, chifukwa mpopi wa nyumba imodzi ukathyoka simudzatsekera mabanja asanu madzi. Za amene alipire bilu yakwerayi, maganizo anga ndi akuti ngati bowo lapezeka pa paipi ya pansi, imeneyo ndi mbali ya nyumba, ndipo nyumba ndi yanu. Alendi sanaikwirire ndiwo.

FUNSO: Amisiri, kwathu ku Area 47 tili ndi thanki ya malita 5,000 ndi pampu yokankhira madzi m'nyumba. Masiku ano pampu ikumadziyatsa yokha usiku, kulira pang'ono n'kuzima, kenako kuyambiranso. Mita yathu ndi yolipiriratu ndipo mayunitsi sakukhalitsa. Odzafufuza akabwera ayambire pati? Ndine bambo wa ku Area 47.

YANKHO: Bambo, nyumba ya thanki ili ndi mbali ziwiri, ndipo muyese iliyonse payokha asanabwere. Mbali yoyamba ndi yochokera pa mita kufika pa thanki. Yachiwiri ndi yochokera pa thanki, kudutsa pa pampu, kulowa m'nyumba. Kungoyang'ana mita sikukuuzani zambiri, chifukwa mita ikhoza kumayenda pongodzaza thanki.

Madzulo tsekani chotsekera cholowetsa madzi m'thanki, muone mayunitsi amene atsala pa mita, mulembe. Kenako kwerani muyeze pamene madzi alekezera m'thanki ndi ndodo yoyera, muidule chizindikiro. M'mawa muonenso zonse ziwiri. Mayunitsi akatsika, bowo lili pakati pa mita ndi thanki. Madzi a m'thanki akatsika pamene m'nyumba simunatunge, vuto lili kutsogolo kwa thanki.

Kulira kwa pampuko kukundiuza kuti mbali yachiwiriyi ili ndi nkhani. Pampu yotereyi imayaka mphamvu ya madzi m'mapaipi ikatsika. Ngati palibe watsegula mpopi koma mphamvu ikutsika, madzi akutuluka penapake. Koma musathamangire kuganiza za paipi ya pansi. Pafupi ndi pampu pamakhala non-return valve, kachotsekera koletsa madzi kubwerera m'mbuyo. Kakalowa mchenga, madzi amabwerera m'thanki, pampu n'kumalira usiku wonse popanda dontho lotayika. Mukaona kuti pampu ikulira koma madzi a m'thanki sakutsika, kayikirani kameneko. Onaninso kampira koyandama kamene kamatseka madzi thanki ikadzaza. Kakatopa, thanki imasefukira usiku pamene madzi akubwera mwamphamvu, m'mawa dzuwa n'kuumitsa umboni. Usiku wina, chotsekera cholowetsa madzi chija chili chotsegula, ikani beseni louma pansi pa paipi yosefukira mugone, m'mawa likuuzani.

Tsiku la ntchitoyo thanki ikhale yodzaza, ndipo pa mita pakhale mayunitsi okwanira. Mayunitsi akathera pakati, mita itseka madzi, ndipo mmisiri adzakhala akumvera paipi yopanda kanthu. Muonetseni pozimitsira pampu, chifukwa adzafuna iyake kuti mphamvu ikwere, kenako izime kuti amve.

FUNSO: Agogo, nyumba imene tinasiyiridwa ndi makolo ku Area 18 yabooka paipi ya pansi kachitatu tsopano m'zaka ziwiri. Tikalumikiza apa, kwabooka apo. Ndiitanenso a makina? Ndine mdzukulu wanu, Area 18.

YANKHO: Mdzukulu wanga, ulendo uno ndalama ya makinayo isunge. Nyumba zambiri za kumeneko zinamangidwa cha m'ma 1970, nthawi imene likulu la dziko linkasamuka kuchoka ku Zomba kubwera kuno, ndipo kusamukako kunatsimikizika mu 1975. Mapaipi a nthawi imeneyo anali achitsulo. Ngati ya kwanuyo sinasinthidwepo, yakhala m'dothi zaka pafupifupi 50. Chidutswa chimene anadula ulendo wathawu, ngati chilipo, chiyang'ane kudzuwa. Upeza m'kati mwadzaza dzimbiri mpaka njira ya madzi yatsala yongokwana pensulo, ndipo kunja kuli timaenje timaenje. Paipi ikafika pamenepo bowo silikhala limodzi. Pulambala akamamanga sipanala polumikiza, kugwedezako kumatsegula pena pamene panali patatsala pang'ono.

Yeza mtunda wochokera pa mita kufika pamene paipi ikulowa m'nyumba. M'mapuloti ambiri a kumeneko si mtunda wautali. Funsa mtengo wa paipi yatsopano yapulasitiki ya mtunda umenewo, zolumikizira zake ndi ganyu yokumba, uyerekeze ndi mtengo wa makina kuphatikiza kulumikiza kwachinayi. Paipi yakaleyo siifunika kufukulidwa. Imangodulidwa mbali zonse ziwiri n'kusiyidwa momwemo, yatsopano n'kudutsa njira ina yolambalala khonde ndi mizu ya mango. Pogula uonetsetse kuti ndi paipi yopirira mphamvu ya madzi a mumzinda, osati yopyapyala yothirira kudimba. Ngalande ikhale yakuya ndithu, pafupifupi theka la mita kapena kuposa, pansi pake pasakhale miyala yakuthwa, ndipo zolumikizira zokwiriridwa zichepe momwe zingathekere. Usanakwirire, jambula ngalande yonse pa foni khoma la nyumba likuoneka, zithunzizo uwatumizirenso abale ako.

A makina uwaitane pokhapokha utatseka chotsekera cha pakhoma n'kupeza kuti vuto lili m'kati mwa nyumba, pansi pa matailosi kapena m'khoma. Pamenepo mpamene kulozeredwa malo enieni kumapulumutsa ndalama zambiri.

FUNSO: Amisiri, kunja kwa mpanda wathu ku Chilinde, pafupi ndi mita, pakhala pakutuluka madzi kwa sabata ziwiri. Bilu yathu sinasinthe. Mwamuna wanga akuti tisavutike nazo poti si zathu, koma ine ndikuopa kuti mpanda ugwa. Tiitane a makina? Ndine mayi wa ku Chilinde.

YANKHO: Mayi, a makina musawaitane, koma mawu a bambowo musawatsatirenso. Choyamba tsimikizani mbali imene madziwo akuchokera. Tsekani mipopi muone mita. Ngati siikuyenda koma madzi akutulukabe, bowo lili paipi isanafike pa mita yanu, ndipo mbali imeneyo ndi ya Lilongwe Water Board. Kukonza ndi kwawo, ndipo pulambala wanu saloledwa kudulapo. Mbali yanu ndi kukanena. Anthu ambiri akaona madzi mumsewu amaganiza kuti wina wanena kale, n'kupezeka kuti mzere wonse wa nyumba palibe waimba.

Mantha anu a mpanda ndi oona. Dothi likanyowa sabata ndi sabata pansi pa maziko limafewa, ndipo mpanda wa njerwa umayamba ndi mng'alu wotsata mizere ya simenti usanapendekeke. Koma ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Madzi akasiya, m'paipi simukhalanso mphamvu yokankhira kunja, ndiye bowo lomwe lija limatha kuyamwa madzi a m'chithaphwi kulowa m'kati. Madzi akabweranso, zimene zalowazo zimapita ku mpopi woyandikira, umene ndi wanu. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inavuta kwambiri mumzinda uno, tonse tikukumbukira. Mpaka pakonzedwe, madzi oyamba kutuluka akabwera muzithira maluwa, ndipo akumwa muziwiritsa kapena kuthira mankhwala a kolorini.

Bambowo muwakumbutsenso kumene madziwo achokera. Ayambira ku nkhalango ya Dzalanyama, asungidwa ku Malingunde mu Kamuzu Dam I ya 1966 ndi Kamuzu Dam II ya 1989, ayeretsedwa ndi mankhwala, apopedwa ndi magetsi mpaka kufika ku Chilinde. Amene akutayika pa mpanda wanuwo ndi omwewo amene sakufika ku nyumba za kumtunda masana.

Pokanena tengani bilu kuti mupereke nambala ya akaunti, ndipo nambala zawo za foni mupeza pa bilu pomwepo. Longosolani malo ndi chinthu chodziwika, monga sukulu, tchalitchi kapena chigayo choyandikira, popeza nambala ya puloti yokha imasocheretsa. Jambulani chithunzi cha madziwo mita ikuoneka. Lembani tsiku limene mwanena, ndipo mufunse ngati pali nambala ya dandaulo lanu kuti mudzaitchule poimbanso. Pakali pano kumbani kangalande kakang'ono ndi khasu, mosazamitsa, kuti madzi azipita ku ngalande ya msewu m'malo moima pa maziko a mpanda.